Chambiko Chosefa ndi Zipatso: Chakudya cha Mwana Chosalira Moto

Amayi, pali nthawi ziwiri pa tsiku zimene mwana wamng'ono amamva njala ife akuluakulu osadziwa. Yoyamba ndi ya m'mawa dzuwa litakwera, phala litatsika kale koma nsima ya masana isanapse. Yachiwiri ndi ya chakumadzulo, moto wa masana utazima, wa usiku usanasonkhedwe. Munthu wamkulu amapirira. Mwana wa miyezi 9 sangapirire, chifukwa kamimba kake n'kakang'ono. Sikalandira chakudya choposa kapu imodzi nthawi imodzi, ndipo sikachedwa kupepuka.

Tonse timadziwa kuti mwana ayenera kudya pafupipafupi. Chovuta ndi nkhuni, makala ndi nthawi. Ndani angasonkhe moto kasanu pa tsiku, uku kumunda kukudikira, uku kumjigo kukudikira? M'mutu uno tikufotokozerani chakudya chimodzi chimene mungakonze moto uli chizimire. Chakudyachi ndi chambiko chosefa chosakaniza ndi zipatso zakupsa.

Zimene tinamva m'sewero

M'gawo la sewero limene mutu uno wachokera, munamva mayi wachitsikana akubwera kuchokera ku sikelo ali wokhumudwa. Mwana wake anali asanakwere sikelo kwa miyezi iwiri. Anamwino anamulangiza kuti azimupatsa mwanayo kanthu pakati pa phala ndi nsima, ndipo anatchula chambiko ndi zipatso. Atafika kunyumba, apongozi ake anakana. Iwo amati mkaka wosasa umatsegula m'mimba, makamaka ukakumana ndi mango. Bambo a mwanayo nawo amati za mkaka ndi tchizi n'za anthu a ndalama a m'tauni.

Pokambirana sewero litatha, omvera anagawanika. Ena anaikira kumbuyo apongozi, ena anamwino. Zoona zake n'zakuti mantha a apongozi sanali opanda pake. Ana ambiri amatseguladi m'mimba akadya mkaka kapena zipatso. Koma cholakwa sichikhala mkaka kapena mango. Cholakwa chimakhala mkaka wosawiritsa, manja osasamba, madzi oipa ndi ntchentche. Tiyeni tione bwinobwino.

Kodi chambiko chosefa n'chiyani?

Mkaka uli ndi madzi ambiri. Pa makapu 10 a mkaka, pafupifupi makapu 9 ndi madzi. Mkaka ukamasasa, tizirombo tabwino timadya shuga wa mu mkakamo n'kuupangitsa kuwawasa. Kuwawasako n'kumene kumachititsa kuti zomanga thupi za mu mkaka zigwirane. Mukathira chambiko pa kansalu, madzi amatsika, zogwiranazo pamodzi ndi mafuta zimatsala pamwamba. Zotsalazi ndizo tikuzitcha chambiko chosefa. M'masitolo chakudya cha mtundu umenewu amachitcha tchizi yofewa, ndipo amachigulitsa modula.

Si nzeru yachilendo ayi. Azulu a ku South Africa akamakonza amasi m'chipanda, amachotsa madzi ake kudzera pa kabowo ka pansi kuti amasiwo akhuthale. Ku Lebanon amasefa yogati pa nsalu, ndipo ku India amathira mandimu mu mkaka wotentha n'kusefa. Kulikonse kumene kuli mkaka ndi kansalu koyera, chakudyachi chimatheka.

Nanga tikuseferanji, osangomupatsa mwana chambiko momwe chiliri? Chifukwa ndi kamimba kaja. Chambiko chikachepa ndi theka, supuni iliyonse imakhala ndi zomanga thupi ndi mafuta pafupifupi kuwirikiza kawiri. Mwana amadya masupuni ochepa koma thupi lake limalandira zambiri. Ndi chimodzimodzi ndi phala. Timakuuzani kuti phala la mwana lisakhale lamadzi loyenderera pa supuni, koma lolimbirako lokhala pa supuni. Chinanso, chakudya cholimbirako sichitayika pomudyetsa, ndipo chimamuphunzitsa mwana kutafuna.

Ubwino wophatikiza ndi zipatso

Kale tinkaphunzitsa magulu atatu a zakudya: zomanga thupi, zopatsa mphamvu ndi zoteteza ku matenda. Masiku ano ku Malawi timaphunzitsa magulu 6: zokhutitsa, zochokera ku nyama, za mtundu wa nyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. M'makomo ambiri mwana amalandira zokhutitsa tsiku lililonse, masamba kawirikawiri, koma zochokera ku nyama ndi zipatso mwa apo ndi apo. Mbale imodzi ya chambiko ndi zipatso imatseka mipata iwiri imeneyi nthawi imodzi. Mukaikamo peyala, mwawonjezeranso gulu la mafuta.

Zakudya ziwirizi zimathandizana. Mango ndi papaya zili ndi zinthu zimene thupi limasandutsa vitamini A, amene amateteza maso ndi kulimbitsa chitetezo cha thupi. Koma kuti zinthu zimenezi zilowe bwino m'thupi, zimafuna mafuta, ndipo mafutawo ali m'chambiko. Mkaka wa ng'ombe uli ndi vitamini C wochepa kwambiri, pamene gwafa, papaya, malalanje ndi malambe zili naye wambiri. Chambiko ndi chowawasa, ana ena amachikana. Nthochi yakupsa imachitsekemeretsa popanda shuga.

Nkhaniyi si yaing'ono. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa ana 100 aliwonse osakwana zaka 5 ku Malawi anali opinimbira, kutanthauza kuti msinkhu wawo unali wochepa poyerekeza ndi zaka zawo. Kupinimbira kumayamba m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka 2. Zimene mwana wataya m'nthawi imeneyi zimavuta kubweza. Paja akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Popeza moto sulowapo, ukhondo ndiwo ugwire ntchito ya moto

Apa ndiye pagona nkhani. Mukaphika phala, moto umapha tizirombo timene tinali mu ufa, m'madzi ndi mu mphika. Chakudya chimene tikukambachi sichipita pamoto. Kachirombo kalikonse kamene kalowamo kadzafika m'mimba mwa mwana kali moyo. N'chifukwa chake pali zinthu zinayi zosanyengerera.

Choyamba, mkaka wake ukhale woti unawiritsidwa. Mkaka wongokama kumene ungakhale ndi tizirombo ta TB ya ng'ombe, ta matenda a brucellosis amene amabweretsa kutentha thupi kobwerezabwereza konga malungo, ndi tina totsegula m'mimba. Ng'ombe ikhoza kuoneka yathanzi koma ili nato. Anthu ambiri amaganiza kuti mkaka ukasasa ndiye kuti tizirombo tonse tafa. Si zoona. Kusasa kumachepetsa tina, koma tina timatsala. Chambiko cha m'paketi chochokera ku fakitale chimapangidwa ndi mkaka wotenthetsedwa kale. Chambiko chogula m'botolo pamsika, chimene simukudziwa ngati mkaka wake unawiritsidwa, musapatse mwana.

Chachiwiri, sambani m'manja ndi sopo ndi madzi othirira, osati osambirana m'beseni limodzi. Musambitsenso mwana m'manja, chifukwa adzapisa dzanja m'mbale.

Chachitatu, tsukani chipatso musanasende, ndi madzi owiritsa kapena othira klorini. Mpeni umatenga litsiro la pakhungu n'kulilowetsa m'kati. Mliri wa kolera umene unayamba m'dziko muno mu 2022 n'kupitirira mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700, ndipo unakula kwambiri m'miyezi ya mvula, imenenso ndi nyengo ya mango. Mango otola pansi, ong'ambika kapena oboola mbalame asalowe m'mbale ya mwana.

Chachinayi, kansalu, mbale, supuni ndi mpeni zikhale zotsuka ndi sopo ndi zouma pa thandala. Kansalu kakhale ka ntchito yokhayi. M'mawa pamene mukuphika, kaviikeni m'madzi owira, kenaka mukayanike padzuwa. Musagwiritse ntchito mpeni umene mwangodulira nyama kapena nsomba yaiwisi.

Zofunika

Paketi imodzi ya chambiko ya theka la lita, kapena makapu awiri a chambiko chopanga nokha ndi mkaka wowiritsa.
Kansalu koyera kopyapyala, kosasuluka utoto.
Sefa, bakuli ndi mbale yovundikirira.
Nthochi imodzi yakupsa, kapena chidutswa cha papaya, mango kapena peyala.
Kambale ka mwana ndi supuni yake.

Pogula chambiko, onani tsiku lotha ntchito ndi chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la MBS. Gulani pamalo pamene amachisunga m'firiji. Paketi ikafufuma ngati chibaluni, isiyeni.

Kasefedwe kake

1. Ikani sefa pamwamba pa bakuli. Yalani kansalu m'sefamo.
2. Thirani chambiko pa kansalu. Pindirani nsonga za kansalu pamwamba, n'kuvundikira ndi mbale kuti ntchentche zisatere.
3. Ikani pamalo ozizira m'nyumba, monga pafupi ndi mtsuko wa madzi. Ngati muli ndi firiji, ikani m'menemo.
4. Siyani kwa maola awiri kapena atatu. Musafinye mwamphamvu, madzi azidontha okha.
5. Tsegulani. Pa makapu awiri aja patsala pafupifupi kapu imodzi ya chambiko cholimba ngati phala lozizira. Chipaleni ndi supuni n'kuika m'mbale yovundikira.

Ngati mulibe sefa, mangani nsonga zinayi za kansalu, n'kukoloweka pa mthiko umene mwaupingasa pakamwa pa poto. Mukasefa m'mawa mukuchoka, pobwera kumjigo kapena kudimba mupeza zatheka.

Madzi achikasu pang'ono amene atsikira m'bakuli musataye. Mwatsikira kashiamu wambiri wolimbitsa mafupa ndi mano, mavitamini ena, ndi zomanga thupi pang'ono. Aphikireni phala la tsiku lomwelo, kandirani ufa wa mandasi kapena wa zikondamoyo, kapena imwani inu amayi.

Kusakaniza ndi chipatso

Tsukani chipatso, sendani, chotsani njere ndi ulusi. Nyenyani ndi supuni m'kambale ka mwana. Thirani chambiko chosefa muyezo wofanana ndi wa chipatso: supuni ya chambiko, supuni ya chipatso. Takasani, mupatseni mwana nthawi yomweyo. Ntchito yonseyi siitenga mphindi 5.

Nthochi ndiyo yabwino kuyambira, chifukwa ndi yotsekemera, imanyenyeka msanga ndipo imapezeka chaka chonse. Ikhale yakupsa bwino.

Papaya akhale wakupsa kwambiri. Papaya ndi chinanazi zili ndi zinthu zimene zimasungunula zomanga thupi za mu mkaka. Mukasakaniza n'kusiya nthawi, chakudyacho chimasanduka chamadzi ndi chowawa. Si poizoni, koma mwana adzachikana. Sakanizani pamene mwana wakhala kale pamwendo.

Mango a ulusi wambiri muwafinye n'kusefa, kapena sankhani opanda ulusi.

Peyala lili ndi mafuta ambiri. Ndi labwino kwa mwana amene sakukwera sikelo. Liphatikizeni ndi nthochi pang'ono kuti likome.

Gwafa ali ndi njere zolimba. Nyenyani, kenaka mupititse pa sefa.

Malalanje ndi manachesi finyirani madzi ake pang'ono, mutachotsa njere. Masuku chotsani khungu ndi njere, mutenge zofewa zokha. Ufa wa malambe wosefa bwino thirani kasupuni kamodzi, chifukwa ndi wowawasa.

Musadikire chipatso cha m'sitolo. Chimene chili pa nyengo kwanuko ndicho chotsika mtengo ndi chokoma.

Ngati kwanu kuli ng'ombe kapena mbuzi za mkaka

Amayi a m'madera monga Thyolo, Chiradzulu, Mulanje, Dedza, Lilongwe ndi kufupi ndi Mzuzu, kumene alimi ambiri amaweta ng'ombe za mkaka, angathe kupanga okha chambiko chabwino. Moto umafunika kamodzi kokha, ndipo mungagwiritse ntchito womwe mwaphikira nsima ya usiku.

Wiritsani lita imodzi ya mkaka mpaka ufufume. Phulani, vundikirani, mudikire uzizire kufikira utangotsala wofunda pang'ono. Thiranimo masupuni awiri kapena atatu a chambiko chabwino cha m'paketi, takasani, vundikirani. M'nyengo yotentha chimagwira pakatha usiku umodzi kapena tsiku limodzi. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye chimachedwerapo. Chambiko cha m'paketicho ndicho mbewu: chimabweretsa tizirombo tabwino kuti tiyambe ntchito toipa tisanalowe.

Njira ina yachangu ndi ya mandimu. Mkaka ukangowira, phulani, thiranimo masupuni atatu kapena anayi a madzi a mandimu pa lita imodzi, takasani pang'onopang'ono. Pakatha mphindi 10 muona mkaka utagawikana, zoyera pazokha, madzi paokha. Sefani pa kansalu kwa theka la ola. Zotsalazo siziwawasa kwambiri, ndipo ana ambiri amazikonda. Zikauma kwambiri, bwezeranimo madzi ake pang'ono ponyenya. Zimenezi zidyedwe tsiku lomwelo.

Dziwani kuti mkaka wosasa ndi mkaka woonongeka n'zosiyana. Mkaka wa m'paketi umene waiwalika n'kuyamba kununkha si chambiko. Chambiko chabwino chimanunkhira kuwawasa kokoma. Chikanunkha moipa, chikamatanuka ngati therere, chikachita thovu kapena nkhungu, tayani.

Muyezo malinga ndi msinkhu wa mwana

Mwana wosakwana miyezi 6: bere lokha basi. Osamupatsa chambiko, zipatso, phala ngakhale madzi.

Miyezi 6 mpaka 8: mwana amadya kawiri kapena katatu pa tsiku kuphatikiza pa bere. Yambani ndi chipatso chokha kwa masiku angapo. Kenaka onjezani kasupuni kamodzi ka chambiko chosefa, muone mmene thupi lake lichilandirire. Ngati palibe vuto, kwezani pang'onopang'ono mpaka masupuni awiri kapena atatu a chosakanizacho. Chikhale chonyenya bwino.

Miyezi 9 mpaka 11: mwana amadya katatu kapena kanayi, ndi kanthu kapakati kamodzi kapena kawiri. Mupatseni masupuni anayi mpaka 6. Musanyenye kwambiri, muzisiya timibulu tofewa kuti aphunzire kutafuna.

Chaka chimodzi mpaka zaka 2: angathe kumaliza theka la kapu. Dulani chipatso tizidutswa tating'ono tofewa, mumulole adzidyetse yekha inu muli pompo.

Mwana akhale tsonga podya. Musamugoneke chagada, musamutseke mphuno, musamukakamize. Akakana lero, yesaninso mawa. Ana ena amalawa chakudya chatsopano kambirimbiri asanachizolowere.

Zosayenera kuthiramo

Uchi musapatse mwana wosakwana chaka chimodzi. Mu uchi mumatha kukhala tizirombo timene timafooketsa thupi la khanda mpaka kulephera kuyamwa ndi kupuma.

Shuga ndi mchere sizifunika. Mwana akazolowera shuga amayamba kukana zakudya zina, ndipo mano ake amaola msanga.

Mtedza wathunthu ungamutsamwe. Nsinjiro zaziwisi nazo sizoyenera m'chakudya chosaphika. Ngati mukufuna kuikamo mtedza, sankhani wabwino wopanda chuku, kazingani, sinjani mpaka ukhale chiponde chosalala, muthire kasupuni kamodzi. Chiponde cha kuchipatala ndi mankhwala a mwana wonyentchera amene walembedwa; musachisakanize ndi zina ndipo musagawire ana ena.

Ufa woyera wothira mu tiyi, umene umapangidwa ndi mafuta a zomera, si mkaka. Sungapange chambiko ndipo sumanga thupi. Mkaka wa m'chitini wokhuthala wotsekemera uli ndi shuga wambiri zedi. Yogati wa mitundumitundu wotsekemera nayenso amakhala wothira shuga.

Kasungidwe

Chambiko chosefa chimene simunasakanize ndi chipatso, ngati mulibe firiji, chithe tsiku lomwelo. M'firiji, chili chovundikira, chingakhale masiku awiri kapena atatu. Chimene mwasakaniza kale ndi chipatso chidyedwe asanathe maola awiri. Chimene mwana wasiya m'kambale musamusungire, chifukwa malovu alowamo kale. Idyani inu kapena mupatse mkulu wake nthawi yomweyo. Popita ku sikelo, ndi bwino kunyamula nthochi yosasenda kusiyana ndi chakudya chosakaniza kale chimene chikhale padzuwa pa mzere.

Mafunso amene omvera anafunsa

Kodi mkaka ndi zipatso zowawasa sizidana m'mimba?

Ayi. Anthu amaona mkaka ukugawikana akathiramo ndimu, n'kuganiza kuti zikachitika m'mimba ndiye matenda. Koma m'mimba mwa munthu aliyense muli kale madzi owawasa, ndipo mkaka uliwonse, ngakhale wa m'mawere, umagwirana ukafikamo. Ndi mmene kugaya kumayambira.

Kodi mango sabweretsa malungo ndi kutsegula m'mimba?

Mango amapsa nthawi imene mvula imayamba, pamene udzudzu ndi ntchentche zimachuluka ndipo madzi a m'zitsime amaipa. Malungo amabwera ndi udzudzu. Kutsegula m'mimba kumabwera ndi uve. Gonani m'neti, tsukani mango, mwana adye.

Ine ndikamwa mkaka m'mimba mumabangula. Kodi mwana wanga sizimuchitikira?

Akuluakulu ambiri matupi awo sagaya bwino shuga wa mu mkaka. Ana aang'ono ambiri amamugaya bwino. Komanso m'chambiko shugayu amakhala atachepa, ndipo posefa wina amatsika ndi madzi aja. N'chifukwa chake anthu ambiri amene mkaka umawavuta amadya chambiko popanda vuto.

Kodi mwana akamadya zimenezi ndingamusiyitse bere?

Ayi. Pitirizani kuyamwitsa mpaka zaka 2 kapena kuposerapo. Chakudyachi n'chowonjezera. Dziwaninso kuti mkaka wa ng'ombe uli ndi ayironi wochepa, amene amafunika popanga magazi. Mwana apitirize kudya phala lothira nsinjiro kapena soya, usipa wosinja, dzira, chiwindi, nyemba ndi masamba obiriwira. Chipatso chikadyedwa nthawi imodzi ndi nyemba kapena masamba, chimathandiza kuti ayironi wake alowe bwino m'thupi.

Nanga mwana akatsegula m'mimba, ndisiye kumupatsa?

Mwana wotsegula m'mimba asasiye kudya. Muyamwitseni pafupipafupi, mupatseni madzi a ORS, ndipo pitani naye kuchipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo kuti akalandire mapiritsi a zinki. Nthochi yonyenya ndi chambiko chaukhondo ndi zina mwa zakudya zofewa zimene mwana wodwala amalandira. Mupatseni pang'onopang'ono. Akachira, muwonjezereni chakudya kamodzi pa tsiku kwa masabata awiri kuti abweze thupi.

Ndalama zake tizitenga kuti?

Funso la bambo a m'sewero aja ndi loona. Si banja lililonse lingagule chambiko tsiku ndi tsiku. Koma mwana wa miyezi 9 amangofuna masupuni ochepa. Paketi imodzi ikwanira iye, mkulu wake ndi inu, madzi ake n'kupita m'phala. Kawiri kapena katatu pa sabata n'kothandiza kale. Yerekezani ndi ndalama zimene zimapita ku tizakumwa totsekemera, mabisiketi ndi tokhwasula ta m'mapepala, zimene zimadzaza mimba koma osamanga thupi. Tsiku limene chambiko palibe, nthochi yonyenya pamodzi ndi peyala ndi chakudya chabwino chosaliranso moto.

Zizindikiro zofunika kuthamangira kuchipatala

Ana ochepa matupi awo amadana ndi mkaka wa ng'ombe. Mwana akangodya n'kutuluka zidzolo zoyabwa, kutupa milomo kapena nkhope, kusanza mobwereza, kapena kubanika, siyani kumupatsa ndipo pitani naye kuchipatala msanga. Kubanika ndi kutupa nkhope sizidikira mawa. Pitaninso msanga ngati chimbudzi chili ndi magazi, ngati mwana akukana kuyamwa, maso alowa m'kati, kapena wafooka kwambiri.

Mwana amene watupa mapazi, kapena wanyentchera kwambiri, akufunika chithandizo cha kuchipatala. Chakudya cha pakhomo chokha sichingamuchiritse.

Inunso amayi idyani

Mayi woyembekezera ndi mayi woyamwitsa amafunika chakudya chowonjezera tsiku lililonse. Chambiko ndi zipatso n'chabwino kwa inunso, makamaka m'miyezi imene fungo la zophika limakuchititsani nseru. Koma lamulo la kuwiritsa mkaka ndi lolimba kwambiri kwa mayi woyembekezera, chifukwa tizirombo tina ta mu mkaka wosawiritsa tingachititse kupita padera. Ndi lolimbanso kwa munthu amene ali ndi HIV ndi kwa okalamba, popeza chitetezo cha thupi lawo chimatha kukhala chochepa.

Ngati pakhomo pali apongozi kapena agogo amene akukayika, musakangane nawo. Iwo analera ana, ndipo anaona ana akudwala. Akonzereni mbale yawo, aone mmene mwatsukira chipatso ndi mmene mwasamalira kansalu. Mungathe kunena kuti, "Amayi, talawani kaye inu, mundiuze ngati n'choyenera mdzukulu wanu." Muwapemphenso kuti tsiku lina adzakuperekezeni ku sikelo, akadzifunsire okha kwa anamwino.

Kumbukirani

Miyezi 6 yoyamba, bere lokha.
Chambiko cha mwana chichokere ku mkaka wowiritsa kapena m'paketi ya ku fakitale.
Sambani m'manja, tsukani chipatso musanasende, vundikirani chakudya.
Sakanizani pamene mwana wakonzeka kudya, ndipo zotsala musasunge.
Osathira uchi, shuga kapena mchere.
Madzi otsika posefa ndi chakudya, musataye.
Pitani ndi mwana ku sikelo mwezi uliwonse kuti muone ngati akukwera.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Kodi kwanu kuno mwana wa chaka chimodzi amadya kangati pa tsiku? Amadya chiyani pakati pa phala ndi nsima?
2. Ndi zipatso ziti zimene zikupezeka mwezi uno popanda kugula?
3. Kodi chambiko chimene chimagulitsidwa kwanuko chimachokera kuti? Mungadziwe bwanji kuti mkaka wake unawiritsidwa?
4. Mukanakhala mayi wa m'sewero uja, mukanawayankha bwanji apongozi anu ndi bambo a kunyumba?
5. Kodi amayi awiri kapena atatu oyandikana angagwirizane bwanji kuti azigula ndi kusefa chambiko pamodzi?